Makilo Asanu a Mayi a Mkaka

Kochi anakankhira sikelo pakati pa chipinda ndi phazi, mkwiyo utamufika kale pakhosi.

Lamulo la mwini jimu, malo ochitirako masewera olimbitsa thupi, linali losapita m'mbali. Pakatha miyezi itatu, kasitomala akwere sikelo, alembe pafomu yake ngati wapeza chimene anadzera. Atatu akalemba kuti ayi, kochi anyamule chikwama chake azipita. Kochiyu anali nawo kale awiri olemba kuti ayi: bambo wina amene ankabwera kudzadzijambula pagalasi, ndi mtsikana amene ola lonse ankalithera kudandaula za chibwenzi chake. Wachitatu ndiye anali awa, mayi aatali, otambalala mapewa, okonda zovala zazikulu, amene makochi ankawatchula kuti Mayi a Mkaka.

Kunena zoona, mayiwo sankajomba. Zitsulo ankanyamula, thukuta lili kamukamu. Vuto linali pakamwa. Pepala la zakudya limene kochi anawapatsa tsiku loyamba anangolipinda n'kuponya m'chikwama. Akamaliza masewera ankakhala pabenchi ya pakhomo, n'kutulutsa botolo la mkaka, mazira atatu owiritsa ndi buledi wopaka batala mosaumira. Zonsezo pamaso pa kochi, opanda ndi manyazi omwe. Iye ankangokukuta mano. Zaka zisanu ndi zinayi pantchitoyi zinamuphunzitsa kuti anthu ndi amodzimodzi: amafuna mimba iphwe koma nsagwada zisapume.

"Kwerani, mayi," anatero kochi.

Mayiwo anavula nsapato n'kukwera. Manambala anathamangathamanga, kenako anaima. Makilo asanu. Osati ochoka ayi, owonjezera. Ndiye eni akewo n'kumamwetulira.

Kumwetulirako n'kumene kunamutsiriza kochi.

"Mukuseka chiyani? Miyezi itatu ndakhala ndikukuwerengerani mpaka mawu kusasa, ine kumanga, inu kugumula ndi pakamwa. Mumadya ngati mawa kulibe. Inu mukatuluka muno moyo wanu upitirira, koma ana anga amadya za m'chipinda chino. Ngati munkafuna lesitilanti mukanangonena, ili kuseriku. Anthu adyera ngati inu ndi amene mumatichotsetsa ntchito."

Amene ankathamanga pamakina anazimitsa. Wina anatsitsa chitsulo pansi mwakachetechete. Mwini jimu anasuzumira pakhomo la ofesi, n'kuima pomwepo manja ali m'chiuno.

Mayiwo anatsika pasikelo n'kuvala nsapato zawo mosafulumira, kumanga zingwe zonse bwinobwino. Kumwetulira kuja kunali kutazima. Anapita patebulo, anatenga fomu yawo ndi cholembera.

"Achimwene, fomu iyi munayamba mwaiwerengapo?"

Kochi anali asanaiwerengepo. Mafomu anasiya kalekale kuwerenga. Awerengerenji, poti onse amalemba zofanana?

Mayiwo anamuyandikizira pepalalo kumaso, chala chili pamzere wa cholinga. Panalembedwa kuti: "Ndinagona m'chipatala miyezi inayi. Adokotala akuti ndibwezeretse makilo asanu ndi mphamvu, ndi pamene andichite opareshoni yomaliza."

M'munsi mwake mayiwo anali atalemberatu kuti inde, ndi mawu othokoza kochi wawo. Anakhwatcha zonsezo iye akuona, analemba kuti ayi, n'kukapereka fomuyo m'manja mwa mwini jimu.