Kamakina ka pa Mwendo wa a Sipanala

A Sipanala, makaniko amene sanakhalepo pansi mphindi zisanu, anali m'chipinda cha adokotala kudikira chithunzi cha fupa lawo. Akazi awo anakhala pambali atafukata kamakina. Bambowo mantha anali nawo. Adokotala anali atanena kale kuti ulendo uno fupa likapezeka lisanalumikizane, kwatsala ndi opaleshoni basi, ndipo a Sipanala mpeni ankauopa kuposa imfa.

Mwendowo unathyoka jeke itapulumuka n'kuwagwetsera galimoto. Miyezi isanu inatha fupa likukana kulumikizana. Mwina n'chifukwa choti ankapitabe kugalaja ndi chikhakha chomwecho, ndudu ili pakamwa, koma iwo ankati lamwano ndi fupalo.

Ndiye adokotala anawapatsa kamakina kothandiza fupa kugwirana, komangirira pamwendo ndi lamba. Malangizo analandira ndi mayiwo, poti eni mwendo anali atatuluka panja kukasuta. Atafika kunyumba mayiwo anawafotokozera amuna awo bwinobwino: maola asanu ndi atatu patsiku, mwendo pampando, osagwedezeka. Fodya ayi, chifukwa utsi umakasokoneza. Mowa ayi, chifukwa kamaununkhiza m'magazi n'kusiya ntchito.

A Sipanala sakhulupirira munthu, koma makina amawapatsa ulemu. Anamvera. Miyezi itatu anakhala pabalaza ngati kabati. Kamakinako sikankalira, sikankatentha, kankangophethira kanyali kake n'kukhala duu. Anzawo akabwera kudzawatenga, ankawabweza okha uku akuloza pamwendo. Kunyong'onyeka kunawafika pakhosi mpaka anaphunzira kusokerera mabatani.

Tsopano, m'chipinda muja, adokotala analowa, n'kukweza chithunzicho powala. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Lalumikizana," anatero. "Mpeni mwauzemba, bambo."

A Sipanala anausa moyo, misozi ikulengeza, n'kuthokoza kawiri. Kenako ukatswiri unawabwerera. Monga munthu wodziwa makina, anati kachipangizoko n'kabwino ndithu, koma okapanga akauzidwe kuti achepetseko nthawi. Maola asanu ndi atatu ndi ukaidi kwa munthu wodya za manja ake.

Adokotala anavula magalasi.

"Maola ake ati? Ndi mphindi makumi awiri zokha patsiku. Kodi sindinawauze mayiwa?"

A Sipanala anatembenuka pang'onopang'ono. Akazi awo sanaphethire n'komwe.

"Munandiuza, adokotala," anatero mayiwo. "Koma inu simukhala nawo."