Manja a Msilikali

Mzungu wokalambayo atakana mpando n'kukhala pamphasa, Nafisa anadziwiratu kuti wadzera malo. Onse ofuna kumanga loji ku Senga Bay amayamba choncho, ndi ulemu.

"Pano sitigulitsa," anatero, ataima pakati pa mlendoyo ndi bambo ake, a Twaibu, amene maso awo anali atafa kale.

Mzunguyo anasuzumira kumbali kwake. "Twaibu, ukadali moyo?"

A Twaibu anapendeketsa mutu. "Mawu awa ndikuwadziwa. Ndi msilikali uja ankatilondera kundende nthawi ya Chitaganya."

Nafisa anaganiza za zipsera za kumsana kwa bambo ake, zimene amazipaka mafuta m'mawa uliwonse.

"Ndi ameneyu anakukwapulani?"

"Anandikwapula ndi anzake. Uyu ankakhala kunja kwa waya, ine mkati, maenje a bawo titakumba pansi. Katenge bawo."

Anakatenga, koma mtima usakufuna. Nkhalamba ziwirizo zinayamba kuponya nkhomo m'maenje.

"Khala pompano, mwanangu," anatero a Twaibu. "Ine sindiona. Uziyang'anitsitsa manja akewo. Amaba ameneyu."