Handibuleki Ndaipeza Ili Pansi

Panali bambo wina ku Woodlands, dzina lake Dunstan Kalenga, wogwira ntchito mu ofesi m'tauni. Nkhaniyi si yopeka ayi. Wandiuza ndi mnzake wapamtima, yekhayo amene anamuululira.

Galimoto yawo inali ya magiya a pamanja, ndipo handibuleki yake inali itafooka. Ukakoka inkangokwera mpaka m'mwamba, galimoto n'kumasunthabe. Pakhomo pawo m'potsetsereka kulowera kugeti, choncho mkazi wake Peggy akaimika ankatchinga tayala ndi njerwa.

"Bashi Tanya, pelekani motoka ku galaji. Iyi handibuleki izatipaya tsiku lina," ankatero Peggy, osati kamodzi, pomutchula mwamuna wake ndi dzina la mwana wawo Tanya.

Koma amuna enafe kumva ayi! Loweruka lina Peggy atapita ku Kamwala kukagula nsalu, Dunstan anaonera kavidiyo pafoni, basi wasanduka makaniko. Anatenga sipanala, n'kuchotsa chivundikiro cha pakati pa mipando, n'kuyamba kumanga nati ya chingwe cha handibuleki. Anaona ndi maso ake kuti timawaya ta chingwecho tayamba kuthothoka, koma anangoti zimenezo tidzaziona m'tsogolo. Anamanga, n'kumanganso, mpaka handibuleki inalimba ngati yatsopano.

Peggy atabwera anafunsa, "Mwaipeleka?"

"Yakonzedwa," anayankha Dunstan.

Mwamva yankholo? Sananame, komanso sananene zoona. Yakonzedwa ndi ndani, Peggy sanafunse. Anakhulupirira mwamuna wake, ndipo za njerwa zinathera pomwepo.

Sabata yotsatira amayi a Dunstan anabwera kudzacheza kuchokera ku Mansa. Lamlungu m'mawa onse akukonzekera za kutchalitchi, Peggy analiza galimoto, kenako anakumbukira kuti waiwala Baibulo. Anakoka handibuleki n'kuthamangira m'nyumba injini ikulira. Apongozi akewo anali akutsegula geti, atafulatira.

Chingwe chija chinaduka. Galimoto inatsetsereka n'kuwapanikiza mayi aja pageti.

Woyamba kufika anali Dunstan. Atalumphira m'galimoto kuti aichotse, anapeza handibuleki ili m'mwamba, yokokedwa bwinobwino, koma yolobodoka. Anadziwa pomwepo kuti wapweteka amayi ake ndi iyeyo. Anaitsitsa, n'kusuntha galimoto.

Anthu oyandikana nawo anadzaza pageti. "Nanga chachitika ni chani?" anafunsa wina.

Dunstan anayang'ana amayi ake ali kwala pansi akubuula, anayang'ana anthu aja, mantha n'kumugwira.

"Handibuleki ndaipeza ili pansi," anatero.

Peggy anagwira kumutu. "Nakoka, bashi Tanya. Nakoka ine... kapena sininakoke?"

Mayo ine! Munthu wamkulu, wandevu, anamusiya mkazi wake akudzikayikira.

Kuchipatala anati fupa la m'chiuno lathyoka, ndipo mayiwo sadzayendanso popanda ndodo. Mlongo wake wa Dunstan, Mulubwa wa ku Chelstone, anamusambwadza Peggy pakhonde la wodi anthu akumva: "Munafuna kutipaila ba Mayo, imwe! Motoka ikakukangani, muziyenda pa minibasi." Peggy anagwada pambali pa bedi, misozi ili chuchuchu, n'kunena kuti, "Ba Mayo, nikhululukileni." Apongozi ake anatembenukira kukhoma.

Dunstan anaitanitsa anthu kudzakoka galimoto kupita nayo kugalaji ina ku Heavy Industrial Area, ati akawongole pomwe inaphwanyika. Chingwe anachisinthitsa komweko mwakachetechete.

Mayi aja atatuluka m'chipatala, wowasambitsa ndi Peggy, wowanyamula kupita kuchimbudzi ndi Peggy, koma iwo sankamulankhula. Peggy kiyi wa galimoto sanamugwirenso. Anaonda, ndipo kutchalitchi anasiya kuimba kwaya, ati dzanja lopundula munthu silingakwezedwe pamaso pa Mulungu. Dunstan chakudya chinasiya kumukomera. Kangapo konse anatsegula pakamwa kuti aulule, koma akaganiza za nkhope ya amayi ake, ankangosintha nkhani.

Tsiku lina madzulo Peggy atamaliza kuwasambitsa apongozi ake, anabwera pamene Dunstan anakhala, n'kumugwira dzanja.

"Bashi Tanya, nifuna kukuyamikani. Naononga amai anu, koma simunanikalipileko olo kamodzi. Mwamuna wina sembe ananipisha panyumba kudala. Mulungu ananipatsa mwamuna wabwino."

Dunstan anagwetsa misozi. Peggy anamupukuta ndi chitenje chake, n'kumuuza kuti asalire, wolakwa ndi iyeyo Peggy.

Mpaka lero Dunstan sanamuuze zoona.

Phunziro: Buleki si chinthu chophunzirirapo umakaniko, ikafooka pitani nayo kwa odziwa. Ndipo ukalakwa, vomera tsiku lomwelo, chifukwa mlandu suola, ndipo ukaubisa amausenza ndi munthu wosalakwa amene amakukonda. Tumizirani ena uthengawu, makamaka abambo okonda sipanala, mwina wina aulula lero.