Mikanda ya Mayi wa M'phanga

Chaka cha 1956, malemu Tisauke wa ku Nkomeshya anagula nsalu ku Lusaka, mmwenye n'kuikulunga m'pepala la chithunzi. Panali mayi wojambulidwa kalekale pakhoma la phanga la ku India, chifuwa pamtunda, kansalu ka mizeremizere m'chiuno, zibangili m'mikono, m'khosi mikanda yoyera mizere itatu, umodzi wofiira pakati. Tisauke anaisirira, n'kutungira khanda lake Keziah ya m'chiuno chimodzimodzi.

Tsiku lina mu Juni kutangoda, moto unamuzimira. Anabereka mwana, n'kukapala moto kutsidya kwa dambo. Pobwerera anamva zibangili kumbuyo, ngwere ngwere. Akaima, nazo zimaima.

Pokhota njira panatulukira mayi, chifuwa pamtunda m'chisanu cha Juni chija. Makala a m'phale atamuwalira, khungu lake linali long'aluka ngati khoma louma.

"Zikomo amayi, tipiteko," anatero Tisauke.

"Unatengera osapempha," anayankha mayiyo. "Nipase mikanda yanga."

"Nizamuvula mawa, mwana wagona."

"Usavutike, mwananga."

Tisauke anataya phale, n'kuliyatsa liwiro atagwira mfundo ya mbereko na manja onse. Mfundo inali yolimba ndithu, koma kumsana kunkangopepukirapepukira.