Nkhope ya Amayi

"Abweranso mayi aja," mlonda wa pachionetsero ananong'oneza mtsikana wojambula zithunzi ndi penti. "Lero n'kachitatu. Sagula, salankhula, amangoima pa chithunzi chimodzimodzicho. Ine sindikuwakhulupirira."

Wojambulayo anawayang'ana. Anali mayi achikulire, atakumbatira chikwama chachikulu, choti chithunzicho chikanalowamo bwinobwino. Anawayandikira.

"Pepani mayi, chimenecho sichogulitsa."

"Ndani ameneyu?" mayiwo anafunsa osacheuka.

"Ndi amayi anga. Anapita kunja kukagwira ntchito ndili wamng'ono, osabwerako. Kunyumba kunalibe chithunzi chawo, ndiye ndinawajambula mmene ndimawakumbukirira, akundiluka tsitsi pakhonde."

Mayiwo anayamba kutsegula chikwama, mlonda n'kusendera pafupi. Koma anangotulutsa kachithunzi kakale kothetheka: mtsikana wa chipsera pachibwano, atabereka mwana. Nkhope ya mtsikanayo inali yomwe ija ya pakhoma.

Wojambulayo anawayang'anitsitsa mayiwo. "Amayi?"

"Ayi, mwanangu. Mayi ako ananyamuka usanamere n'komwe mano. Ine ndinali wantchito pakhomo panu. Agogo ako anandichotsa uli ndi zaka zinayi."