Mbewu ya Mayi Gunvor

Torleiv atangoboola mbatatesi ndi foloko, anaona kuti mkati mwake ndi mofiirira. Anaika foloko pansi.

Anthu obwera kumaliro ankadya uku akukumbutsana za mayi ake, Gunvor, amene anaikidwa m'mawa womwewo atapitirira zaka zana.

"Tuva, mbatatesizi wazitenga kuti?" anafunsa mdzukulu wake motsitsa mawu.

"M'kabokosi ka m'chipinda chapansi, agogo. Zogula zinachepa."

Inali mbewu, ya mtundu wofiirira mkati. Mayi ake anabwera nayo pafamupo tsiku la ukwati wawo, itakulungidwa m'epuloni. Ngakhale m'njala ya nthawi ya nkhondo, ankayamba apatulako yobzala asanaphike. M'chigwa chonse cha Valdres munalibenso wina wokhala nayo, ndipo Torleiv ankangoti adzatengako chaka chamawa.

"Yatsalako ngakhale imodzi?"

"Ndaphika zonse. Ndalakwitsa?"

"Iwe Torleiv, mano akukanika?" anakuwa Oddvar, mnzake wa famu yoyandikana. "Bweretsa kuno ndikuthandize!"

Torleiv anayang'ana mtsikanayo, amene anakhalira kukhitchini chiyambire m'mawa, maso atatupa ndi kulira.

"Zapsa bwino, mwananga," anatero.

Anakokera mbale pafupi, nayamba kudya pang'onopang'ono, ndi makoko omwe.