Mbawa ya a Lufeyo

Chilembedwere mitengo ya m'mudzi wa Kamtedza pa tsamba la pafoni, panalibe wogwetsa mtengo, ngakhale wa pakhomo pake, mabanja makumi atatu asanadine "inde".

A Lufeyo atatsikira kulichete m'mawa wa Lachiwiri, mkazi wawo Nangozo anapempha mbawa ya kuseri kwa nyumba. Malemuwo anaidzala okha akadali mnyamata, nati idzakhala bokosi lawo. Pempho linapita pafoni, anthu anabwera kusiwa, nyumba inadzaza. Amayi a mpingo anaimba mokoma nyimbo za kwathu kumwamba, aliyense foni ili m'chitenje.

Dzuwa litapendeka, mlamu wake wa Nangozo, a Zakeyo, anadzagwada pambali pake.

"Alamu, avomera asanu ndi anayi okha. Nthawi yatha."

"Enawo sanauone uthenga?"

"Auona. Akana."

Nangozo anayang'ana oimbawo. Anali anzake a pamjigo, amene ana awo ankaphunzirira pamthunzi wa mbawayo, poti mitengo ikuluikulu inatha kale. Amayiwo anazolika, koma nyimbo sinaduke. Nangozo anafuna kuwakwiyira, mtima unakana. Chaka chatha iyenso anadina "ayi" pamaliro a mwana wa mnzake Nasibeko, napita kukaphika nawo ndiwo za anamfedwa.

"Ngakhale Ambuye wathu anawakulunga m'nsalu," anatero a Zakeyo motsitsa mawu. "Sitikuchimwa."

"Katengeni mphasa yogonera ija," anatero Nangozo.

Anaiyala, nawagonekapo malemuwo kuti awakulunge. Koma a Lufeyo anali munthu wamtali. Nangozo anamasula mpango kumutu kwake, nakulunga mapazi amene anatsalira kunja.